120/80 kwa mayi aliyense: zimene maphunziro a pa foni anasiya mwa ophunzira unamwino

## Tchati cha m'mawa umenewo

Mbali ina ya ntchito yanga monga namwino ndi mzamba, imene sioneka pa pepala la malipiro, ndi kuyang'anira ophunzira amene makoleji amatitumizira kuti adzaphunzire ntchito ndi manja m'mawodi. Ndalandira magulu ambiri a ana otere, ochenjera, aulesi ndi amantha omwe, ndipo nkhope za ambiri mwa iwo zinafufutika kale m'mutu mwanga. Koma pali mtsikana mmodzi wa chaka choyamba amene ndinakumana naye mu Malichi 2021, ndipo nkhani yake imandibwerera nthawi iliyonse ndikamva munthu akunena kuti maphunziro a pa intaneti anayenda bwino chifukwa ophunzira anakhoza mayeso.

Nthawi imeneyo mliri wa Covid-19 unali utangotipweteka kachiwiri, mwaukali kuposa poyamba. Mu Januwale dziko linataya nduna ziwiri tsiku limodzi, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, ndipo bwalo la masewero la Bingu ku Lilongwe linasanduka chipatala. Kuntchito kwathu anzathu ena anali atasamutsidwira ku tenti ya odwala korona, pamene ena anali m'nyumba zawo akudwala eni ake. Mu wodi ya amayi amene angobereka kumene tinatsalamo ochepa kwambiri. Kawirikawiri ophunzira a chaka choyamba sitiwaika mu wodi imeneyi, chifukwa za uzamba amadzaziphunzira patsogolo, koma sabata imeneyo ndinapempha kuti andibwereke mmodzi woti azindithandiza kuyeza amayi kutentha kwa thupi, kugunda kwa mtima ndi BP. Makina a BP a mabatire, amene umangodina n'kuwerenga manambala, anali atapita ku tenti kuja. Ife tinatsala ndi akale aja opopa ndi dzanja, okhala ndi muvi, amene amafuna kuti munthu amvetsere ndi stethoscope.

Anandibweretsera mtsikana waulemu, wa yunifolomu yoyera bwino, wolemba mokongola. Ndinamufunsa ngati amatha kuyeza BP, iye n'kuvomera, ndipo anandilongosolera ndondomeko yonse mwadongosolo popanda kudumpha kanthu. Ndinamusiya akuyamba pa bedi loyamba, ine n'kuthamangira ku chipinda choberekera kumene ankandiitana.

Nditabwerako ndinatenga matchati kuti ndione. Mayi woyamba, 120/80. Wachiwiri, 120/80. Wachitatu, 110/70. Wotsatira, 120/80. Aliyense amene anayezapo anthu ambiri m'mawa umodzi amadziwa kuti matupi a anthu sapereka manambala osalala chotere, ndipo mzere wa matchati oona umakhala wosokonekera, wina 104/66, wina 132/88. Awa anali manambala a m'buku.

## Mayi wa pafupi ndi zenera

Pa bedi la pafupi ndi zenera panali mayi amene anali atabereka dzana lake. Anali atamanga mutu ndi mpango mothina, monga amachitira amayi mutu ukamawawa, ndipo gadiyani wake ankamukupiza ndi buku la kuchipatala. Nkhope inali yotupa. Pa tchati pake panalembedwa 120/80.

"Amayi, mutu ukupweteka?"

"Ukupweteka koopsa, asisitala, ndipo m'maso mukuchita chizimezime."

Ndinamuyeza ndekha, ndipo muvi unandionetsa 170/115. Kwa mayi woyembekezera kapena amene wangobereka kumene, BP ikafika 160/110, makamaka pamodzi ndi mutu wotere ndi kusaona bwino, timadziwa kuti ndi pre-eclampsia yoopsa, imene ingamufikitse pokomoka ndi kuphupha nthawi ina iliyonse. Anthu ambiri amaganiza kuti mwana akabadwa ngozi yatha, koma vuto limeneli limathanso kubuka masiku a pambuyo pobereka. Tinaitana adokotala, tinamuyambitsa magnesium sulphate, mankhwala oletsa kuphupha, ndi ena otsitsa BP, ndipo mayiyo sanakomoke. Anatuluka bwinobwino ndi mwana wake.

Zinthu zitakhazikika ndinamuitanira wophunzira uja mu kaofesi kathu, n'kutseka chitseko. Sindinafune kuyamba ndi funso, choncho ndinakhala pa mpando, ndinapinda malaya, n'kumupatsa mkono.

"Mwana wanga, tandiyeza."

Anakulunga lamba pamalo pake, zala ziwiri pamwamba pa chigongono. Anafufuza mtsempha ndi zala ndipo anaupeza. Anapopa, n'kuyamba kutsitsa mpweya pang'onopang'ono monga mmene amaphunzitsira. Muvi unatsika mpaka pansi, koma iye anangoti duu, maso ali pa muviwo.

"Wamva chiyani?"

"Sindinamve kanthu, asisitala."

"Nanga kwa amayi aja?"

"Kwa onse sindinamve kanthu."

Ndinagwira mutu wa stethoscope ili m'makutu mwake momwemo, n'kugogoda ndi chikhadabo pa mbali yaikulu ija. Sanaphethire n'komwe. Mutu wa stethoscope yamtundu umenewu uli ndi mbali ziwiri, ndipo umazungulira, moti mbali imodzi ikatseguka inayo imatsekeka. Munthu wina anali atauzunguza, ndipo mtsikanayu m'mawa wonse ankaika pa mikono ya amayi mbali yotsekeka. Ndinauzunguza mpaka unalira kuti tswa, n'kugogodanso, ndipo anadzidzimuka chifukwa cha phokoso. Anandiyezanso, ulendo uno anamva kugunda koyamba ndi komaliza, ndipo ananena manambala ofanana ndi amene ndimawadziwa kuti ndi anga.

Chimene chinkamulepheretsa chinali chinthu chokonzeka m'kanthawi kochepa kwambiri. N'chifukwa chake funso limene ndinamufunsa silinali lakuti analemberanji zabodza, koma lakuti analekeranji kundiitana. Anayankha misozi ikutsika kunyowetsa masiki: "Anzanga onse akuoneka kuti akudziwa. Tsiku limene ankaphunzitsa zimenezi foni yanga inali kotchajitsa, ndipo nditaonera vidiyo pambuyo pake ndinaganiza kuti ndamvetsa. Ndimaopa kuti mukadziwa mundibweza."

Ndinamuuza mosabisa kuti kulemba nambala yongopeka pa tchati cha wodwala ndi mlandu waukulu pa ntchito yathu, ndipo kuti mayi uja akanatha kufa pamene tchati chake chikunena kuti ali bwino. Zimenezo anazimva. Koma ine ndinatsala ndi mawu ake oyamba aja, akuti anzake onse ankaoneka kuti akudziwa.

## Mmene ankaphunzirira ali kwawo

Tonse tikukumbukira kuti sukulu ndi makoleji zinatsekedwa kuyambira pa 23 Malichi 2020, matendawa asanapezeke n'komwe mwa munthu aliyense m'dziko muno, popeza oyamba analengezedwa pa 2 Epulo. Mtsikanayu anali atangoyamba kumene koleji. Anapita kwawo asanagwire wodwala, asanalowe mokwanira ngakhale mu skills lab, chipinda chija chokhala ndi zidole ndi mabedi kumene ophunzira amayeserera ntchito asanaonane ndi anthu enieni.

Aphunzitsi anayesetsa, ndipo sindikufuna kuti wina amve ngati ndikuwanyoza. Makoleji ena anali ndi pulogalamu yophunzitsira pa intaneti ya Moodle, ena anayesa Zoom ndi Google Classroom, koma zambiri zinkathera pa WhatsApp, chifukwa ndi imene ophunzira ambiri akanakwanitsa bandulo yake. Mphunzitsi ankatumiza manotsi, mawu ojambulidwa, nthawi zina kavidiyo, ndipo ophunzira ankayankha pamene apezera mpata. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 alionse m'dziko muno ndi amene ankaunikira ndi magetsi, ndipo ophunzira unamwino ambiri, makamaka a m'makoleji a mishoni a CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, amachokera m'mabanja 89 otsalawo. Ophunzira amene ndinacheza nawo pambuyo pake anandiuza za kukwera pa chulu kusaka netiweki, za kusiya foni tsiku lonse kwa wotchajitsa wa sola pa msika, za kudzuka pakati pa usiku kuti akope manotsi pamene netiweki yapepuka. Atsikana anali ndi mtolo wina wapadera. Mwana wamkazi akakhala pakhomo miyezi ya kukolola, palibe amene amakhulupirira kuti kugwira foni ndi sukulu, ndipo ndowa, mbale ndi kumunda zimamudikira.

Zimenezi zinanenedwa kambirimbiri, ndipo anthu amazitenga ngati nkhani ya maphunziro amene wophunzira anaphonya. Ine ndikuona kuti chachikulu chinali manyazi amene anabwera nako kuphonyako. M'kalasi ukajomba, anzako onse amadziwa, mphunzitsi amadziwa, ndipo wina amakubwereka kope. Pa gulu la WhatsApp palibe amene amaona kuti sunalipo. Mayina onse ali pamenepo, amene ali ndi netiweki yabwino m'tauni akuyankha msangamsanga, ndipo iwe ukatsegula foni patatha masiku awiri umapeza mauthenga mazana, nkhani itapita kale patsogolo. Kufunsa pamenepo ndiye kuulula pamaso pa kalasi yonse kuti kwanu kulibe magetsi ndiponso kuti ulibe ndalama ya bandulo. Ana ambiri anasankha kulemba kuti amva, n'kukhala chete, ndipo anachita zimenezi kwa miyezi yambiri mpaka chinasanduka chizolowezi.

Makoleji atayamba kutsegulidwa mu Sepitembala ndi Okutobala, amene anatsogozedwa anali a chaka chomaliza, ndipo mpake, chifukwa dziko linkafuna anamwino ndipo iwo ankadikira mayeso a khonsolo ya anamwino ndi azamba, Nurses and Midwives Council of Malawi. A chaka choyamba anapeza mulu wa mayeso olemba ukuwadikira. Mtsikana uja anandiuza kuti mu skills lab analowamo m'gulu lalikulu, atatalikirana monga mwa malamulo a nthawiyo, akuonera mphunzitsi akuyeza, ndipo nthawi inatha iye asanagwire chipangizo. Mu Januwale 2021 maphunziro anaimanso. Kenako anapezeka ali mu wodi yanga.

## Chimene vidiyo sionetsa

Amene tinaphunzirako za kaphunzitsidwe ka anamwino timamudziwa Albert Bandura, katswiri wa za maganizo amene m'chaka cha 1977 analemba za chimene chimachititsa munthu kukhulupirira kuti ntchito inayake angaithe. Iye anati chachikulu kuposa zonse ndi kuichita wekha ntchitoyo n'kuona kuti yatheka. Anatchulanso kuona munthu wina akuichita, kulimbikitsidwa ndi mawu a anthu ena, ndiponso mmene thupi likumvera pa nthawiyo, kaya mtima uli m'malo kaya ukuthamanga ndi mantha.

Choyambacho n'chodziwikiratu kuti foni singachipereke. Palibe amene angamve kufewa kwa mtsempha wa agogo amene atha madzi m'thupi, kapena kulemera kwa wodwala amene ukumutembenuza pa bedi, kudzera pa galasi la foni. Anthu ambiri amaganiza kuti chachiwiri chija, kuona wina akuchita, ndicho chimene mavidiyo anakwanitsa. Apa ndi pamene ndimasiyana nawo.

Vidiyo imaonetsa katswiri amene akuchita ntchito molondola ulendo woyamba, ndi zipangizo zatsopano, pa munthu wodekha. Ngati analakwitsa pojambula, anadulapo n'kujambulanso. Wophunzira wa nthawi zakale, asanabwere matendawa, ankaphunzira kuyeza BP pa mkono wa mnzake, mu skills lab masana ndiponso ku hositelo usiku. Kumeneko ankaona mnzake akuvala stethoscope chagada, akupopa mpaka mkono kuchita dzanzi, akunena kuti sakumva kanthu, onse n'kuseka, kenako wina n'kutulukira kuti mutu wa chipangizo unali wotseka. Pofika mu wodi, mwana wotere amakhala atadziwa chinthu chimene sichinalembedwe m'manotsi alionse, chakuti kusamva kanthu kumachitikira aliyense poyamba, ndipo kuti ukanena mokweza wina amakuthandiza. Gulu la 2020 linaona akatswiri okhaokha. Aliyense ankalephera ali yekha m'chipinda cha kwawo, ndipo ankakhulupirira kuti wolephera ndi iye yekha.

Mawu olimbikitsa nawonso anasowa m'njira imene sitinaiganizire. Wophunzira akamabaya jakisoni woyamba sayang'ana wodwala yekha, amaponyanso diso kwa amene waima pambali pake kuti aone ngati nkhope ikuvomereza. Ngakhale atabwerera m'mawodi, nkhope zathu zinali zobisika m'masiki, maso okha ali kunja, otopa. Ndinazindikira kuti ana amene ndinkawamwetulira ankaganiza kuti ndakwiya, ndipo kuyambira pamenepo ndinayamba kunena ndi pakamwa kuti "wachita bwino, pitiriza", mawu amene kale ndinkawanena ndi nkhope yokha.

Za mantha ndiye sindikufunika kutalikitsa. Ana awa ankalowa m'chipatala pa nthawi imene anamwino enieni ankadwala ndi kumwalira, atamva za anzathu amene anakanizidwa kukwera minibasi chifukwa cha yunifolomu, ndipo makolo ena ankawaimbira foni kuti angosiya sukuluyo abwerere kunyumba. Munthu amene manja akunjenjemera chifukwa choopa mpweya wa wodwala sangamvetsere bwino kugunda kwa mtsempha.

## Ena anabwera olimba mtima mopitirira

Sikuti onse anali amantha. Panali ena, kawirikawiri ochokera m'tauni kumene intaneti sinkavuta, amene anali ataonera mavidiyo ochuluka pa YouTube ndipo anabwera akudziona ngati atha kale ntchito. Mnyamata wina anadzipereka kuika kanyula, kachubu kolowa mu mtsempha kodutsira diripi, pa mwana wodwala malungo, akulongosola bwino lomwe za mmene singano iyenera kupendekera. Anafunsa lamba womangira mkono wa mtundu umene anauona pa vidiyo, ndipo nditamupatsa gulovesi kuti amange nayo, monga timachitira tsiku ndi tsiku, anandiyang'ana ngati ndikumuseka. Mwana atayamba kulira ndi kupalapata, mayi ake akuyang'anitsitsa, mnyamatayo anauma manja. Ndinaika ndekha, iye atagwira mkono wa mwanayo.

Oterewa sankandidetsa nkhawa kwambiri. Kudzidalira kwawo kunali poyera, ndipo wodi inkakuphwetsa msanga pamaso pa aliyense, kenako tinkayamba kumanga pa maziko enieni. Amene ankandisowetsa tulo ndi aulemu aja, ovomera chilichonse ndi "inde, asisitala", olemba mokongola, amene sakuvutitsa ndi mafunso. Mu wodi yodzaza, wophunzira wotere umamuthokoza mumtima chifukwa sakukudyera nthawi.

## Mbali yathu ife a m'mawodi

Timakonda kuuza ophunzira kuti safunsa anadya phula, koma sitidzifunsa kuti kufunsako kumamudyera chiyani mwana amene waima patsogolo pathu. M'miyezi imeneyo ndinamva anamwino anzanga akutcha gulu limeneli "anamwino a pa WhatsApp", nthawi zina ana eni akewo akumva. Ena ankanena moseka, ena mokwiya chifukwa cha kutopa, ndipo kutopako ndikukumvetsa, pakuti ndinali nako inenso. Koma taganizani za mtsikana amene akukayikira kale ngati anaphunzira zokwanira, n'kumva wamkulu wa wodi akutsimikiza kukayikako pamaso pa odwala. Kodi mawa lake angabwere kudzanena kuti sakumva kanthu mu stethoscope?

Panalinso vuto la kuchulukana. Makoleji atatsegulidwa, magulu amene akanabwera nthawi zosiyana anafika pamodzi, onse atanyamula mabuku awo ofuna kusainidwa. Wophunzira aliyense amayenera kukwaniritsa chiwerengero choikika cha ntchito zosiyanasiyana, monga kubereketsa amayi, kutsuka mabala ndi kuika madiripi, asanaloledwe kulemba mayeso omaliza. Nthawi inali itafupika, ophunzira achuluka, ndipo odwala ena ankaopa kubwera kuchipatala. Zotsatira zake zinali zakuti ophunzira ankaunjikana pa wodwala mmodzi, wolimba mtima n'kugwira ntchitoyo, amanyazi n'kuima kumbuyo, kenako onse n'kubweretsa mabuku kuti asainidwe. Namwino amene watsala yekha ndi odwala makumi angapo sakhala ndi mphamvu yofufuza kuti wagwiradi ndani. Sayini imalowa m'buku, ndipo mwanayo amadziwa mumtima mwake kuti buku likunena zimene manja ake sanachite. Palibe chimene chimadya kudzidalira kwa munthu kuposa kunyamula umboni wa luso limene akudziwa kuti alibe, chifukwa tsiku lililonse amakhala akudikira kugwidwa.

Odwala nawonso amaona. Mayi akanena kuti "ana a sukuluwa asandigwire, ndikufuna anamwino enieni", amakhala ataona kale manja akuzengereza. Wophunzira wakale ankamva mawu amenewa ali ndi miyezi ya kuyeserera kumbuyo kwake, ndipo ankatha kuwameza. Kwa gulu la korona, mawuwo ankagwera pa bala.

## Zimene ndinasintha

Kuyambira nthawi imeneyo, wophunzira aliyense wofika mu wodi yanga amayamba ndi kuyeza BP pa mkono wanga, kaya ndi wa chaka choyamba kaya chomaliza. Ndinasiya kufunsa kuti "umatha?", chifukwa funso limeneli kwa mwana woleredwa mwaulemu lili ndi yankho limodzi lokha. Ndimafunsa kuti ndi ntchito ziti zimene anangoziwerenga, ndi ziti zimene anaziona, ndiponso ndi ziti zimene anazigwira ndi manja ake pa munthu wamoyo. Funso likabwera motere mayankho amakhala oona, ndipo nthawi zambiri amandidabwitsa. Ndinapezapo wa chaka chachitatu amene ankadziwa pamtima zonse za kuika chubu cha mkodzo koma anali asanachigwirepo.

Ndimawauzanso tsiku loyamba kuti pa tchati bokosi lopanda kanthu silindikwiyitsa, bola abwere adzandiuze kuti alephera. Nambala yongopeka ndi imene sindingaikhululukire. Ndipo popeza mawu okha sakwanira, ndinagwirizana ndi mnzanga wina wa zaka zambiri pa ntchito kuti tizifunsana mokweza pamaso pa ophunzira. Ndikamvetsera kugunda kwa mtima wa mwana m'mimba n'kukayikira, ndimamuitana kuti, "Asisitala, tabwerani mudzamvereko, ine sindikumva bwino." Kale tinkachita zimenezi monong'ona, kuopa kuchepa pamaso pa ana. Tsopano ndikuona kuti ndi phunziro lofunika kwambiri limene tingawapatse, ndipo silidya nthawi kapena ndalama.

Chinthu china chaching'ono chimene chinathandiza ndi kuwaika awiriawiri, wa chaka chapamwamba ndi wa chaka choyamba, ndi lamulo lakuti wamng'onoyo ndiye agwire, wamkuluyo ayang'ane. Mafunso amene sangandifunse ine amafunsana okhaokha ku sinki posamba m'manja.

## Zabwino zake zilipo

Ndisaiwale kunena kuti gulu limeneli linatuluka ndi luso limene ife akale tilibe. Ambiri a iwo tsopano ndi anamwino anzathu, ndipo ndi amene amatulutsa foni n'kupeza malangizo atsopano a unduna wa zaumoyo pa mlingo wa mankhwala, pamene ife tikusakasaka buku long'ambika m'kabati. Anazolowera kuwerenga okha popanda wowaimirira. Maphunziro ena, monga a kapangidwe ka thupi, a mankhwala ndi a malamulo a ntchito, angathe kuphunzitsidwa bwino ndithu pa intaneti kwa amene ali ndi chipangizo ndi magetsi, ndipo makoleji akuluakulu monga Kamuzu University of Health Sciences, imene inapangidwa mu 2021 pophatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing, sangabwererenso ku choko ndi bolodi zokhazokha. Sindikulimbana ndi foni ayi. Chimene ndikukana ndi kuwerengera malikisi a mayeso olemba ngati umboni wakuti wophunzira ndi wokonzeka kusiyidwa yekha ndi wodwala. Mtsikana wanga uja mayeso olemba a kayezedwe ka BP anakhoza bwino kwambiri.

## Sukulu zidzatsekedwanso

Korona itadutsa tinaganiza kuti zotseka sukulu zatha, koma mu Januwale 2023 kolera inachedwetsa kutsegulira kwa sukulu za pulayimale ndi sekondale ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndipo mu Malichi chaka chomwecho namondwe wa Freddy anaimitsa maphunziro m'maboma a kummwera. Tsiku lina makoleji a unamwino adzatumizanso ophunzira kwawo, kaya chifukwa cha mliri wina kaya madzi osefukira, ndipo ndi bwino kugwirizana tsopano za chochita, osati mkati mwa chipwirikiti.

Wophunzira wa chaka choyamba asamapite kwawo chimanjamanja. Stethoscope, makina a BP opopa ndi dzanja ndi choyezera kutentha kwa thupi ndi zinthu zimene koleji ingabwereketse monga imabwereketsera mabuku, ndipo kumudzi kuli mikono yambiri ya azakhali ndi agogo imene ingasangalale kuyezedwa. Mphunzitsi angathe kupempha kuti aliyense atumize manambala a anthu amene wawayeza, ndiponso, chofunika kwambiri, anene amene walephera kuwamva, n'kuwerenga zolepherazo pa gulu kuti onse aone kuti sali okha. Pafupi ndi kwawo kwa wophunzira aliyense pali chipatala chaching'ono cha boma kapena cha mishoni chimene chili ndi namwino wotopa amene angalandire ndi manja awiri munthu womuthandiza kuyeza amayi a sikelo, ngati koleji ndi khonsolo ya anamwino zitakonza njira yovomerezeka ndi zodzitetezera zokwanira.

Ndipo ophunzira akamabwerera m'mawodi pambuyo pa nthawi yotere, ife owalandira tiyenera kuuzidwa zoona. Kalata imene imabwera nawo imangotchula mayina, chaka chawo ndi masabata amene adzakhale nafe. Ndikupempha aphunzitsi kuti aziwonjezerapo tsamba limodzi lonena ntchito zimene gululo linaphunzira pa foni pokha ndipo silinazigwirepo, kuti wamkulu wa wodi adziwe poyambira asanagawe ntchito za m'mawa.